Mmene Nasimbi Anaphunzirira Kumva Mwamuna Wake

Tsiku limene Nasimbi anauzidwa kuti miyezi yonse ija ankaphunzira chinenero cholakwika, sanalire. Anangokhala pansi pasimenti, pafupi ndi bedi la mwamuna wake, miyendo atatambasula ngati namfedwa.

Mphunzitsi wake wa Chisipanishi anali ataima kumutu kwa bedilo, chipewa chili m'manja. Anali atamvetsera wodwalayo akulankhula kwa kanthawi ndithu. Anayesa kumupatsa moni, anayesa kumufunsa dzina, koma bamboyo anangomuyang'ana tong'o n'kupitiriza zake.

"Mayi, pepani," anatero mphunzitsiyo. "Chimene akulankhula bambowa si Chisipanishi ayi. Ichi n'Chikiliyo."

"Si chimodzimodzi, aphunzitsi?"

"Ayi mayi. Ngakhale ineyo ndikungotolapo liwu apa ndi apo."

Inu amene mwatsegula nkhaniyi chifukwa pali chimene chakukanikani, khalani pansi. Sindikunyengererani. M'nkhaniyi misozi ndi yambiri kuposa kuseka, ndipo muli zina zimene ine wolembane ndimapsa nazo mtima mpaka lero.

Dzina loti Nasimbi anamupatsa ndi anthu a mumsewu wawo chifukwa cha ntchito yake. Ankasita zovala za eni ake pakhonde la kuseri kwa nyumba, kuyambira m'mawa mpaka msana utakana. Sukulu anaisiyira panjira atabwereza kalasi imodzi mpaka manyazi. Mphunzitsi wina anamuuza pamaso pa anzake kuti mutu wake ndi wouma, ndipo iye anawasunga mawu amenewo moyo wake wonse ngati mphatso.

Mwamuna wake anabwera kuchokera ku chilumba chakutali, ndi kampani yomanga mlatho. Anali wowotcherera zitsulo. Mabwana a kampaniyo ankalankhula Chisipanishi, iye n'kumawayankha m'chomwecho, basi anthu anamutcha Sipanishi. Mlatho utatha kampani inapita, koma iye anatsala chifukwa cha mtsikana amene ankamusitira malaya.

Tsiku lokaonekera kwa makolo, mlongo wake wa Nasimbi anamumva akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo. "Alamu, kuno timalankhula zomveka," anatero. "Zolira mbalamezo muzizisiya pageti."

Onse anaseka. Sipanishi nayenso anaseka, koma anamvera. Anaphunzira chinenero cha mkazi wake mpaka ankanenerera pamsika kuposa eni dziko, ndipo cha kwawo anachitsekera m'kamwa kwa zaka zoposa makumi atatu. Anauzapo mkazi wake kamodzi, akali pachibwenzi, kuti kwa amayi ake amalankhula china. Nasimbi ankayesa ndi Chisipanishi chomwecho, chongosiyana katchulidwe ngati mmene amasiyanirana anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija. Sanafunsenso. Ana awo awiri nawonso sanafunsepo. Munthu wawo ankawamva, ndiye akanavutikiranji?

Sitiroko inamupeza m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Atatsitsimuka kuchipatala, mbali ya kumanja inali itafa, ndipo pakamwa pake pankatuluka mawu amene panalibe ndi mmodzi yemwe wowadziwa.

Dokotala anafotokoza mofatsa. Anati nthawi zina matendawa amasesa zinenero zimene munthu anaphunzira atakula, n'kumusiyira chimene anayamwira. "Zikhoza kubwerera, zikhozanso osabwerera," anatero. "Ngati alipo wodziwa cha kwawo, muzimulankhulitsa."

Sizinabwerere.

Kunyumba ndiko kunali gehena. Sipanishi ankaitana, mkazi wake n'kuthamanga. Ankalankhula, mkaziyo n'kubweretsa madzi. Ankapukusa mutu, mkaziyo n'kubweretsa bulangete. Ankakweza mawu, kenako n'kuyamba kuchonderera, pamapeto pake n'kutembenukira kukhoma. Tsiku lina anachonderera kwa nthawi yaitali, Nasimbi akumupatsa ichi ndi icho, mpaka bambo wamkulu uja anadziipitsira pabedi. Ankangopempha kupita kuchimbudzi. Mkazi wake akumusambitsa, iye anatseka maso, misozi ili chuchuchu.

Kuchokera tsiku limenelo anayamba kukana chakudya cha m'manja mwa mkazi wake. Ankamwa phala pang'ono akapatsidwa ndi mwana wawo wamkazi, amene ankabwera Loweruka lokha. Makolala a malaya ake anayamba kumukulira.

Mwana wawo wachisamba, woyendetsa basi, ndi amene ananena zimene ena ankaopa kunena.

"Amayi, abambo akutha tikuona. Ine ndifufuza abale awo. Akakhale kumene anthu angawamve."

"Iwe, ukufuna kundilanda mwamuna ndili moyo?"

"Nanga afere m'nyumba muno ngati mlendo?"

Nasimbi anati, "Ndipatse nthawi, mwana wanga. Ndiphunzira chinenero chawo."

Mnyamatayo anayang'ana pansi. Ankawadziwa amayi ake, ankadziwanso kuti ngakhale nambala yawo ya foni sankaisunga pamtima. Koma anavomera kudikira.

Ndi mmene Nasimbi anapezekera m'kachipinda kapamwamba pa sitolo yogulitsa utoto, m'kalasi ya Chisipanishi. Anzake anali achinyamata ofuna ntchito m'mahotela. Ankamutcha agogo a kalasi, ndipo akatsegula pakamwa ankabisa nkhope kuseri kwa mafoni awo. Mphunzitsi anali munthu wachifundo. Anamulola kuti m'malo mwa fizi azimusitira zovala za banja lake.

Mawu sankakhala. Ankatuluka m'kalasi atawanyamula bwinobwino, koma pofika pokwerera basi theka linali litagwa, pofika kunyumba atatsala awiri kapena atatu. Ankabwereza akusita, ankabwereza akuchapa matewera a mwamuna wake. Patapita miyezi anali ndi moni, madzi, chakudya, kupweteka, ndi kamfunso kakuti mukufuna chiyani. Anapita nazo pabedi paja monyadira. Sipanishi anangomuyang'ana ngati akuonera munthu wosokonezeka.

Nasimbi anadziimba mlandu yekha. Anati ndi lilime lake lolemera. N'chifukwa chake anapempha mphunzitsi kuti abwere kunyumba adzamulankhulire, ndipo mwamva kale zimene mphunzitsiyo ananena.

Taganizani. Zaka zonsezo akugona bedi limodzi, kubereka ana, kuika maliro a makolo, koma osadziwa dzina la chinenero chimene mwamuna wake ankalota nacho. Musafulumire kumuseka. Ambiri a inu muli ndi munthu m'nyumba amene simunamufunsepo za kumene anachokera, chifukwa iye ndi amene anasamukira kwanu.

Mphunzitsi uja asanatuluke anakumbukira kuti kudepoti ya mabasi kuli wometa wina wochokera kumbali zomwezo. "Chikiliyo chilipo chamitundumitundu," anachenjeza, "koma kayeseni mwayi."

Wometayo anali nkhalamba yaifupi, yadazi, yapakamwa pakuthwa kuposa lumo lake. Anabwera Lamlungu masana ndi kachikwama ka zida zake, akudandaula za mtunda. Atalowa kuchipinda analankhula mawu ochepa chabe. Sipanishi anadzidzimuka, anamugwira mkono ndi dzanja lamoyo lija, n'kulira mokweza ngati mwana wopezeka atasochera pamsika.

Analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Anametedwa ndevu akulankhula. Anadya mbale yonse ya mpunga kuchokera m'manja mwa wometayo. Nasimbi anaima pakhomo akuonerera, ndipo nsanje inamugwira, nsanje yeniyeni, yochitira nkhalamba yadazi yonunkha mankhwala ometera.

Pomuperekeza anafunsa, "Bambo, za ine akuti chiyani?"

Wometayo anazengereza, zimene sizinali khalidwe lake. "Mukufunadi kumva?"

"Nenani."

"Akuti mumawamva bwinobwino koma mukuchita dala. Akuti mwatopa nawo. N'chifukwa chake sakudya, akuti afulumire kukupepuzani katundu."

Nasimbi anamupempha kuti abwerere m'nyumba. Wometayo anabwerera kukamufotokozera wodwalayo kuti mkazi wake samvadi, koma Sipanishi anangopukusa mutu. Kwa iye, ankalankhula mmene ankalankhulira masiku onse. Zingatheke bwanji kuti mkazi amene ankamumva ngakhale akatsokomola lero asamumve?

Ndipo khomo limene Nasimbi anatsegula yekha ndi limene linalowetsa mphepo. Wometayo anali ndi anzake a kwawo pafoni. Posakhalitsa mwana wachisamba uja anapeza mdzukulu wa Sipanishi, mwana wa mlongo wake, ndipo ankalemberana mothandizidwa ndi foni yomasulira. Mdzukuluyo anayankha ndi mtima wonse kuti amalume abwere, chipinda chilipo. Mapepala a ulendo anayamba kuyendetsedwa.

"Atenga miyezi," anatero mnyamatayo kwa amayi ake. "Akatuluka, ngati zinthu zili chomwechi, abambo anyamuka."

Nasimbi anayambiranso pachiyambi, tsitsi lili mbuu ndi imvi. Masana alionse amene mnansi wavomera kumukhalira ndi wodwala, ankapita kudepoti. Ankakhala pabenchi ya odikira kumetedwa, matawulo a wometayo atawachapa ndi kuwasita ali pamiyendo, nkhalambayo n'kumamuponyera mawu uku makina akulira pamutu pa kasitomala.

Zinali zoipa kuposa poyamba. Tsopano m'mutu mwake munali zinenero ziwiri zosapsa, ndipo zinkakolana ngati zingwe za m'thumba limodzi. Akafuna liwu la Chikiliyo kunkatuluka la Chisipanishi. Akaligwira lero, mawa lapita. Makasitomala anayamba kubwera msanga kuti adzaonere sewero laulere.

"Mayi inu," anakalipa wometayo tsiku lina, "ine ndameta mitu yambiri pamoyo wanga, koma wobooka ngati wanuwu sindinauonepo. Dzulo lomweli ndakuuzani!"

Benchi yonse inafa nako kuseka. Nasimbi nayenso anamwetulira, monga amachitira anthu ozolowera kunyozedwa, n'kukalirira m'basi.

Ntchito nayo inayamba kuonongeka. Tsiku lina akulimbana ndi liwu lothawa, anaiwala simbi pamsana pa malaya oyera a loya wina, mpaka fungo ndi limene linamudzutsa. Nkhani inafalikira mumsewu monse kuti Nasimbi wayamba kulankhula yekha ndipo akuotcha zovala. Amene anawasitira zaka zambiri anayamba kudutsa pageti pake mitolo yawo ili kukhwapa, kupita kwa wina, osapereka ndi moni womwe. Anthu ndi otero. Ukawatumikira bwino zaka makumi awiri amati ndi ntchito yako, ukapsereza kolala imodzi amati wakalamba.

Kenako mwini nyumba za kudepoti anagulitsa malowo, ndipo wometayo anauzidwa kuti asamuke. Analongedza magalasi ake kupita kwa mwana wake ku mzinda wina wakutali. Anabwera kudzamumeta Sipanishi komaliza, ndipo awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali.

Pageti nkhalambayo inafewa pang'ono. "Mayi, ndinkakukalipirani, mundikhululukire. Koma ndikuuzeni zoona, alekeni apite. Inu mwayesetsa. Si aliyense amene anabadwira zimenezi."

Nasimbi anataya mtima. Ndikunena mosabisa, chifukwa nkhani zambiri zolimbikitsa zimanama kuti ngwazi zawo sizinagwepo mphwayi. Iye anagwadi mphwayi. Anasiya kubwereza mawu. Simbi inazizira pakhonde masiku angapo. Ankamusambitsa mwamuna wake ali chete, kumutembenuza ali chete, ndipo m'nyumbamo munali zii ngati maliro atachitika kale. Anayamba kusankha m'maganizo malaya amene adzamulongedzere.

Zinasintha chifukwa cha kapu ya madzi.

Masana ena kukutentha, anamubweretsera madzi, ndipo mosaganizira anatchula liwu limodzi mwa ochepa amene anatsala. Madzi m'Chikiliyo ndi dlo. Lilime la Nasimbi silinkatha kudumpha chotero, ndiye anati dilo.

Sipanishi anamenya matiresi ndi dzanja lake lamoyo. Analitchula liwulo mokweza, maso ali psuu. Nasimbi anabwereza, analakwitsanso. Bamboyo anakalipa mawu ambirimbiri, n'kulitchulanso, akuloza pakamwa pake. Anakokanakokana choncho mpaka mkaziyo analitchula bwino. Apo Sipanishi anapumira m'mwamba ngati munthu amene wamaliza kukankha galimoto, analanda kapu ija n'kumwa madzi onse.

M'mawa mwake Nasimbi akutsuka mbale anapeza kuti liwu lija lilipobe, pamodzi ndi awiri mwa mawu amene anakalipiridwa nawo. Sanadziwe tanthauzo lake, koma anali m'mutu, olimba ngati misomali. Aka kanali koyamba pamoyo wake kuti chophunzira chigone m'mutu mwake mpaka kucha osachibwerezabwereza.

Anaima ndi mbale m'manja n'kuganiza. Mawu a m'kalasi ankathawa, a pabenchi ankathawa, koma amene atuluka pakamwa pa mwamuna wake atakwiya ankakhala. Ndipo mwamunayo akakwiya ankaiwala kuti akufuna kufa.

Ndiye mayiyu anachita chinthu chimene palibe sukulu imene ingakuphunzitseni. Anayamba kulakwitsa dala.

Ankalowa ndi sipuni, kuikweza m'mwamba, n'kuitchula dzina la nsapato. Sipanishi ankatukutira, n'kumuuza dzina lenileni, akubwereza ngati akukhomera. Pakamwa pakatseguka kuti akalipe, sipuni ya phala inkalowa. Ankamusambitsa mkono n'kuutcha mwendo. Ankatsegula zenera n'kunena kuti watseka. Anasamutsira tebulo lositira m'chipinda cha wodwalayo, ndipo chovala chilichonse chinkayamba chakanganiridwa dzina chisanasitidwe. Anansi anayamba kunong'onezana kuti kwa Nasimbi kwayamba ndewu za ukalamba.

Musaganize kuti kuchokera apo zinayenda ngati madzi. Panali masabata amene Sipanishi ankangogona, thupi litakana, ndipo mawu ankayambanso kusungunuka m'mutu mwa mkazi wake. Chisipanishi chija chinauluka chonse, chifukwa panalibe woti amukalipire nacho. Nthawi zina bamboyo ankalankhula nkhani yaitali, nkhope ikuwala, n'kudikira yankho, koma Nasimbi atangotolapo mawu awiri. Nkhope ija inkazima, ndipo ankatembenukiranso kukhoma. Liwu limene mayiyu analigwiritsa ntchito kuposa onse linali dousman, kutanthauza kuti pang'onopang'ono.

Koma tsiku lina anamanga chiganizo chake choyamba, chopindika ngati waya. Anachikonzekera m'mawa wonse akusita. Anagwada pafupi ndi bedi n'kunena kuti, "Ine wosatopa iwe. Ine khutu kufa. Tsopano khutu kudzuka."

Sipanishi anamuyang'ana nthawi yaitali. Anamukonzera liwu limodzi, monga mwa chizolowezi. Kenako anamukokera mutu pachifuwa pake.

Mapepala anatuluka mvula itayandikira. Mwana wachisamba anabwera nawo Lamlungu pamodzi ndi mlongo wake. Anawapeza abambo awo ali panjinga ya olumala pabalaza, atanenepako, akukalipira amayi awo za mmene anapindira bulangete.

Mnyamatayo anakhala pansi, mtima utagawanika. "Amayi, zinthu zasintha, ndikuona ndi maso anga. Sitingawakweze ndege ngati katundu. Pafoni ndi adzukulu awo amangolira, samveka. Inu ndi amene mukuwamva tsopano. Afunseni. Akati akhala, mapepalawa ndiwang'amba pompano."

Nasimbi anamva mtima ukuvina. Miyezi yonse ya kunyozedwa ija inali yofuna tsiku limeneli. Anakokera mpando pafupi, anagwira dzanja la mwamuna wake, n'kufunsa m'Chikiliyo chake chothyokathyoka ngati akufuna kukhala kapena kupita.

Sipanishi anayamba kulankhula pang'onopang'ono, osachita kupemphedwa, kuti mkazi wake asataye ngakhale liwu limodzi.

Anati akufuna kupita. Anatchula liwu limene Nasimbi ankalidziwa bwino, lakay, kutanthauza kwathu. Anati amayi ake anaikidwa iye kulibe ndipo manda awo sanawaonepo. Anati akufuna kukhala pakhonde n'kumamva anthu odutsa akukangana, ana akutukwanana, ogulitsa malonda akuitanira, zonse zikumveka popanda womasulira. Anati watopa kukhala m'dziko limene munthu mmodzi yekha ndi amene amamumva, ndipo munthuyo amatcha sipuni nsapato.

Nasimbi anamva zonse. Kwa nthawi yoyamba sanataye kanthu.

Apa ndi pamene ine ndimapsa mtima. Mayiyu anasekedwa, anatha makasitomala, anaphwanya mutu umene anauzidwa kuti ndi wouma, zonsezo kuti mwamuna wake asachoke. Ndiye nkhani yoyamba imene anaimva yathunthu inali yomutsanzika.

Ana aja ankamuyang'ana pakamwa. Pabalazapo panalibe wina womva Chikiliyo. Akanati akuti akhala, mapepala akanang'ambidwa, ndipo palibe akanadziwa mpaka kalekale. Bodzalo linafika palilime, lokonzeka kale, lofewa. Analimva kukoma kwake.

"Amayi, akuti bwanji?"

Nasimbi anati, "Akuti akufuna kupita kwawo."

"Mwamva bwino?"

"Ndamva bwino, mwana wanga. Mwatsoka, ndamva bwino."

Ananyamuka asanagwetse msozi pamaso pa ana, n'kupita kuchipinda. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, anayatsa simbi, n'kuyamba kusita malaya a mwamuna wake amodziamodzi. Sanawazepo madzi, a m'maso anakwana.

Atamaliza anaikokera sutikesiyo pabalaza kuti mwini wake aone ngati pali chotsala. Sipanishi anasuzumira. Anavundula malaya aja ndi dzanja lake limodzi, kuononga mizere yonse, mpaka pansi penipeni. Kenako anamenya chogwirira cha njinga yake n'kuyamba kukalipa kuposa masiku onse.

"Amayi, chavuta n'chiyani tsopano?" anafunsa mwana wamkazi.

Nasimbi anamvetsera, anapempha kuti abwereze, anamvetseranso. Anagwira pakamwa.

"Akufunsa kuti madiresi anga ali kuti."

Bamboyo sanasiye. Ankaloza mkazi wake, kuloza sutikesi, kuloza mwana wawo ndi mapepala ake.

"Akuti mapepala a munthu mmodzi ndi a ntchito yanji," anapitiriza Nasimbi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Akuti avutika nane kwambiri, ndipo mwana wasukulu wovuta chonchi sangamusiye pakati pa teremu."

Mapepala achiwiri anatenganso nthawi, ndipo Sipanishi anakana kunyamuka mpaka atatuluka. Anapita onse awiri. Mayi amene anali asanakwerepo ndege anakankha njinga ya mwamuna wake m'mabwalo a ndege achilendo.

Sindikuuzani kuti kumeneko Sipanishi anachira. Sanachire. Anakhala miyezi yowerengeka pakhonde la mdzukulu wake, akumva msewu wonse ukulankhula. Mdzukuluyo anamutengera kumanda a amayi ake. Nasimbi anasekedwanso ndi ana a kumeneko chifukwa cha katchulidwe kake, koma tsopano ankamva chimene akumuseka nacho, ndipo ankawabwezera.

Bamboyo anamwalira m'mawa wina dzuwa litakwera. Mawu ake omaliza sanali akuluakulu. Anadandaula kuti tiyi wachepa shuga, mkazi wake anamuyankha kuti dokotala analetsa, iye anati dokotalayo si amene akumwa. Nasimbi anapita kukatenga shuga, ndipo pobwera anapeza atapita. Analira mpaka mawu kutha. Koma amanena mpaka lero kuti mwamuna wake anafa akukangana ndi mkazi wake, osati akuchonderera khoma.

Nasimbi anabwerera kwa ana ake. Masiku ano chipatala china chikalandira wodwala wolankhula Chikiliyo amene alibe womumva, chimatumiza galimoto kudzamutenga, ndipo amakakhala pambali pa bedi n'kumauza madokotala pamene pakupweteka. Sabata iliyonse amaimbira foni alamu ake a kutsidya la nyanja kuti adyere limodzi miseche, chifukwa anaona yekha kuti chinenero chosalankhulidwa sichichedwa kuchoka.

Tsono inu amene mukuti mwakula, mukuti mutu sugwira, mukuti mwayesa kambirimbiri koma mawu sakhala, ndimvereni. Mudzaiwala. Mudzasekedwa. Mwina mudzataya miyezi panjira yolakwika, ndipo mwina chimene mudzamve pamapeto pake chidzakuswani mtima. Phunziranibe. Pezani munthu wamoyo woti muzilakwitsa pamaso pake, ndipo ngati munthuyo ali m'nyumba mwanu momwemo, musadikire kuti adwale. Mufunseni lero kuti kwawo moni amati chiyani.

Mukagwa mphwayi, khalani pansi mulire, palibe cholakwika. Koma mawa mudzukenso. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa pali wina amene akudikira kuti mumumve, ndipo sadzadikira mpaka kalekale.